Musanalembe app ya “amayi akumudzi”, kakhaleni kaye pamkeka ku Chitala

Atsikana, nyengo ija yayandikiranso, ndipo funso limene tikulandira ndi lomwe lija la chaka chilichonse: “Asisi, ndikufuna kuyesa Google Summer of Code kapena Outreachy, koma ndilembe project yanji?” Ambiri amabwera atadziyankha kale. App yothandiza amayi akumudzi. App yonenera nkhanza. App yogulitsira mbewu. Mtima wake ndi wabwino, sitikukana. Koma tikafunsa kuti mayi wake uti, wa mudzi uti, foni yake ndi yotani, nanga usiku imagona m'thumba la ndani, kumangoti zii.

Tifotokoze kaye kwa amene akumva koyamba. Open source ndi mapulogalamu a kompyuta amene code yake ili poyera, aliyense akhoza kuiwerenga, kuikonza ndi kuigwiritsa ntchito. Google Summer of Code inayamba mu 2005. Mabungwe osamalira mapulogalamu oterewa amalembetsa, Google imasankha, kenako bungwe lililonse limatulutsa mndandanda wa ntchito zimene likufuna kuti wina agwire. Mumasankhapo imodzi kapena kubwera ndi ganizo lanu, mumalemba proposal, mukatengedwa amakupatsani mentor, mumagwira ntchito muli kwanu kwa masabata pafupifupi 12 ndipo amakulipirani. Pali ntchito ya maola pafupifupi 90, ya 175 ndi ya 350, ndipo ndalama zimasiyana malinga ndi kukula kwa ntchitoyo komanso dziko limene muli. Kuyambira 2022 sikufunikanso kukhala pa yunivesite, bola mwakwanitsa zaka 18 ndipo ndinu atsopano mu open source.

Outreachy ili ndi mbiri imene ife timaikonda. Mu 2006 gulu la GNOME linalandira makalata 181 a anthu ofuna kuchita nawo Summer of Code, ndipo panalibe mkazi ngakhale mmodzi. Sanangodandaula, anayambitsa pulogalamu yawoyawo ya akazi, imene mu 2015 inatenga dzina la Outreachy. Imatenga miyezi itatu, Meyi mpaka Ogasiti kapena Disembala mpaka Malichi, ndipo m'zaka zaposachedwa yakhala ikulipira madola 7,000. Sinthani nokha m'makwacha, ife tikuopa kukomoka.

Ndiye pali ndalama, pali luso, pali dzina lanu pa code imene anthu a mayiko ena adzaiona. Koma chimene chatilembetsa lero ndi mndandanda wa ntchito uja. Amene amalemba mndandandawo ndi amene amasankha kuti ndi vuto la ndani limene lipeze munthu wolikonza chaka chino. Ambiri mwa olembawo ali ku Europe, ku America ndi ku India. Si anthu oipa, koma sanaonepo mlembi wa banki mkhonde akuwerengera chiwongola dzanja pa kope lonyowa ndi mvula. Ife tinaonapo, kapena amayi athu ndi azakhali athu anaonapo, ndipo tikakhala chete palibe adzaike vuto limenelo pa mndandanda.

Chifukwa chake tikuti tiganizire ku Chitala. Mmodzi wa ife kwawo ndi kumeneko, ku Salima, ndipo ndi amene amatidzudzula tikayamba kulankhula za “amayi akumudzi” ngati ndi munthu mmodzi. Ku Chitala kuli malo a boma ofufuzira za ulimi, ndipo pali mtundu wa mtedza umene unatenga dzina lomwelo. Chimene azungu amachitcha summer, Juni mpaka Ogasiti, kwathu kuno ndi nyengo yozizira, mwera ukuwomba panyanja, amayi ali pakhonde kusenda mtedza, mavenda akuzungulira ndi masikelo awo. Inu mukamalemba code ku Area 25 kapena ku Ndirande, iwo ali pakati pa miyezi imene ndalama ya chaka chonse imalowa m'nyumba, n'kutulukanso. Ngati mukufuna project yokhala ndi mutu, yambirani pa ndalama imeneyo.

Tikhalitse pa banki mkhonde, chifukwa ndi pamene tikuona ntchito yeniyeni. Aliyense amadziwa mmene imayendera: amayi amakumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwereketsana, kuponya kandalama ka zadzidzidzi, ndipo kumapeto kwa chaka amagawana. Magulu ambiri ali ndi bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, kuti wina asatsegule yekha. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa password. Pofooka ndi pa kope. Mlembi akadwala, kope likasowa, kapena masamu a tsiku logawana akasokonekera, gulu limene lakhala limodzi zaka zambiri limatha ndi mkangano, ndipo wodziwa masamu kwambiri, amene nthawi zina ndi mwamuna wa winawake amene “wabwera kudzathandiza”, ndi amene amapambana.

Pali bungwe lotchedwa Mifos Initiative limene limasamalira mapulogalamu a open source a mabungwe obwereketsa ndi kusungitsa ndalama zing'onozing'ono, ndipo lakhala mu Google Summer of Code zaka zambiri. Ali ndi mapulogalamu a pa foni ya Android. Mtsikana wa kuno akhoza kupita kwa iwo n'kunena kuti: ndikufuna kukonza gawo lolembera msonkhano wa gulu kuti lizigwira ntchito popanda intaneti, lizilankhula Chichewa, liziwerengera gawo la aliyense pa tsiku logawana n'kuonetsa masamuwo sitepe ndi sitepe kuti mayi amene analekeza Sitandade 5 athe kutsatira ndi chala. Ndipo kuti cholembedwa chisasinthidwe pokhapokha anthu atatu avomereze, monga maloko aja.

Tsopano mvetserani apa. Munthu amene sanakhalepo pamkeka uja adzawonjezera kuti membala aliyense azilandira SMS yomuuza ndalama zimene wasunga. Zikumveka bwino, eti? Poyera, mwachilungamo, palibe kuberana. Koma foni ya m'nyumba zambiri ndi imodzi, ndipo madzulo imakhala ndi bambo. Mayi amene wakhala akusunga mwakachetechete kuti Januwale adzalipire fizi ya mwana wamkazi, uthenga umodzi wokha wamuulula. Mawa lake ndalama ija yapita ku “bizinesi”, ndipo akakana, tonse tikudziwa zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa. Ndiye mu proposal yanu mulembe kuti uthengawo usamangopita wokha, mayi azisankha yekha kuti aulandire kapena ayi, pa nambala iti, ndipo ngati akufuna usatchule chiwerengero cha ndalama. Pa code ndi mizere yochepa. Koma kuti munthu aiganizire ayenera kukhala atamvapo azakhali ake akunong'ona kuti “usawauze amalume ako”. Mentor wanu wa ku Bangalore kapena ku Seattle akhoza kukuposani pa Kotlin kakhumi, koma ichi sakuchidziwa, ndipo mukamufotokozera bwino adzakumverani. Pamenepa ndi pamene proposal yanu imasiyana ndi mazana ena.

Za mitengo ndi masikelo tinene mwachidule, chifukwa pali msampha. Chaka chilichonse boma limalengeza mitengo yoyambira yogulira mbewu, koma mayi amene wasenza thumba la mtedza mtunda wautali n'kupeza venda mmodzi yekha sabwerera nalo kunyumba chifukwa cha chikalata cha boma. Ambiri mumati mupanga ka USSD konga ka Mpamba kapena Airtel Money kuti aziona mtengo. Dziwani kuti nambala yoteroyo imafuna mgwirizano ndi kampani ya mafoni komanso ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo zimenezi sizitheka ndi wophunzira mmodzi pa masabata 12. Komanso kudziwa mtengo sikuwongola sikelo yokhota. Chimene chingatheke ndi chaching'ono: kukonza zida zimene zilipo kale zotolera uthenga popanda netiweki, monga ODK, kuti gulu la amayi lizitha kulemba lokha zimene lagulitsa, kwa ndani, pa mtengo wanji, n'kukhala ndi umboni wopita nawo ku komiti ya chitukuko ya m'dera. Sizodzaza holo pa tsiku la pitch, koma zikhoza kugwira ntchito.

Mapu nawonso. Tsegulani mapu a pa foni yanu, yang'anani Lilongwe, kenako yang'anani midzi yozungulira Chitala. Mudzaona msewu waukulu, mayina ochepa, kwinako mbee. Mijigo ili kuti? Ndi iti yakufa? Ndi mlatho uti umene sudutsika mu Febuluwale mayi akayamba matenda usiku? OpenStreetMap ndi mapu amene aliyense akhoza kulembapo, ndipo gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team lakhala likulandira ophunzira m'mapulogalamu amenewa. Kumeneko kuli ntchito ya code yokonza zida zolembera mapu pa foni zotchipa, ndipo munthu amene anatungapo madzi amadziwa kuti funso si “pali mjigo?” lokha, koma “ukutuluka madzi mwezi wa Okutobala?”

Amene mtima wanu uli pa zaumoyo, muli ndi mwayi kuposa anzanu a mayiko ambiri. OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri ya odwala, inayamba mu 2004, yakhala mu Google Summer of Code kwa zaka zambiri, ndipo kuno kwathu inafika kalekale: a Partners In Health amaigwiritsa ntchito ku Neno, ndipo makompyuta ogwira ndi chala amene a Baobab Health Trust anaika m'zipatala zambiri anamangidwa pa dongosolo lake losungira uthenga. Tanthauzo lake n'lakuti mukakonza kanthu kumeneko simukulota, pali namwino weniweni amene angadzakaone. Ndipo mavuto ake timawadziwa. Dzina limodzi lolembedwa njira zitatu, lero ndi l mawa ndi r. Agogo amene sadziwa tsiku lobadwa koma amakumbukira kuti inali nthawi ya njala ya 1949. Mtsikana wobwera kudzatenga njira yolera amene sakufuna kuti kalaliki, yemwe ndi mnansi wa amayi ake, aone chifukwa chimene wabwerera. Ndani aone chiyani pa sikirini ndi nkhani ya ufulu wa amayi, ngakhale pa mndandanda wa ntchito idzalembedwa ndi mawu ozizira a chizungu.

Tifike pa app ya nkhanza ija, chifukwa ndi imene imabwera kawirikawiri, ndipo apa tikhumudwitsa ena. Ife tikuti musaipange. Osachepera osati nokha, osati ngati project ya miyezi itatu. Taganizani: mayi waika app pa foni, chizindikiro chake chikuoneka poyera, mwamuna wachiona. Kapena watumiza uthenga, wafika pa seva imene munalipira ndi ndalama zanu, Ogasiti watha, inu mwabwerera kusukulu, palibe akuwerenga. Iye akudikira thandizo limene silikubwera, ndipo mayina, malo ndi nkhani za amayi ambiri zili pa kompyuta imene palibe akuiyang'anira. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, koma ngakhale pakanapanda lamulo, chikumbumtima chokha chikanakwana. Manambala aulere alipo kale, 5600 ya nkhanza ndi 116 ya ana, amene a YONECO amayendetsa, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Zimene zimasowa si batani lofiira. Ndi thiransipoti yopitira kuboma, malo ogona otetezeka, ndi munthu woyankha foni ikalira. Ushahidi ya ku Kenya, imene amayi ngati Ory Okolloh ndi Juliana Rotich anali m'gulu loiyambitsa mu 2008, inatheka chifukwa kuseri kwa mapu kunali anthu owerenga ndi kutsimikiza uthenga uliwonse. Ngati nkhani ya nkhanza ndi imene ikukuyatsani moto, pitani kwa amene akuyankha mafoniwo kale, muwafunse chimene chimawavuta pa kompyuta zawo.

Tikudziwa pali amene akwiya kale ndi nkhani yonseyi, ndipo tinakangana ngakhale pakati pathu tisanalembe. Mnzathu wina anati: “Bwanji mtsikana akaphunzira code mumamutumiza ku mijigo ndi banki mkhonde? Anyamata akupanga ma compiler, ife tizingomasulira mabatani m'Chichewa?” Ali ndi mfundo, ndipo tisaibise. Pali chizolowezi choipa chokankhira akazi ku ntchito “zofewa” n'kusiya zolipira bwino kwa amuna. Ndiye timveke bwino: ngati mtima wanu uli pa Linux kernel, pitani, Outreachy yatumizako akazi ambiri ndipo ena anakhazikika komweko. Simuli ndi ngongole kwa aliyense yoti mupange “project ya amayi”. Amene tikulankhula nawo ndi inu amene mwasankha nokha kunena kuti mukupangira mayi wakumudzi. Mukatchula dzina lake pofunsira madola, muli naye ngongole. Ndipo asakunamizeni kuti ntchito imeneyi ndi yofewa. Kupanga pulogalamu yosunga uthenga popanda intaneti, n'kudzaugwirizanitsa bwino mafoni awiri akapeza netiweki patatha masiku anayi, osataya tambala imodzi, ndi vuto limene limatukutitsa thukuta akatswiri.

Pa ngongole ija tionjezere. Mtsikana wa m'tauni akakwera minibasi kupita ku Salima, kukafunsa amayi mafunso tsiku lonse, kujambula zithunzi, kubwerera, kutengedwa, kulandira madola, amayi aja apezapo chiyani? Zimenezi timazidzudzula akachita ofufuza ochokera kunja, ndiye tisazichite ife. Pemphani chilolezo, fotokozani chimene mukuchita m'chilankhulo chawo, ndipo kumbukirani kuti m'mbali mwa nyanja ena amamasuka kwambiri m'Chiyao. Musaike nkhope ya munthu pa proposal asanavomere. Musatenge chithunzi cha kope la gulu mayina akuoneka. Nthawi yawo ndi ndalama, mtedza sudzisenda wokha, ndiye musapite chimanjamanja. Mukamaliza bwererani mukawaonetse, ndipo akanena kuti n'zosathandiza, mulembe zimenezo mu lipoti lanu mmene anenera.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: mapulogalamu awa salipira app yanuyanu imene mwayamba nokha. Mumalowa m'nyumba ya eni, mumagwira ntchito pa code yawo, ndi malamulo awo. Ena zimawakhumudwitsa, ife tikuona kuti ndi pabwino pake. Tatopa ndi ma app obadwira pa hackathon Loweruka n'kufa Lolemba. Chimene mwaika mu Mifos, mu OpenMRS kapena mu Kiwix, ija yowerengera Wikipedia popanda intaneti, chimakhala ndi anthu ochisamalira inu mutapita. Paja Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake n'zochepa zomvetsa chisoni, ndipo za amayi a dziko lino ndiye musachite kufunsa. A Wikimedia akhala akulandira ophunzira m'mapulogalamu onse awiri.

Mabungwe amasintha chaka ndi chaka, ndiye onani mndandanda wa chaka chimenecho musanakonde limodzi. Wa Google umatuluka cha kumapeto kwa Febuluwale, ndipo ma proposal amalandiridwa kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Koma amene amayamba mu Malichi wachedwa. Lowani msanga pamene anthu a bungwelo amakambirana, ikani pulogalamuyo pa laputopu yanu, pezani kavuto kakang'ono, kakonzeni, tumizani. Akakubwezerani ndi ndemanga khumi musalire, ndi mmene amachitira ndi aliyense. Ku Outreachy mumayamba ndi kuyankha mafunso okhudza moyo wanu ndi zopinga zimene mwakumana nazo, kenako pamakhala pafupifupi mwezi woti muonetse ntchito musanasankhidwe. Amene muli pasukulu werengani bwino malamulo awo a nthawi, chifukwa amafuna maola okwanira pa sabata ndipo kalendala ya mayunivesite athu sigwirizana ndi ya kumpoto kwa dziko lapansi.

Sitikunamizani kuti n'zophweka. Bandulo ndi yodula, magetsi amathima pa nthawi imene mentor akukudikirani, laputopu m'nyumba zambiri ndi “ya achimwene”, ndipo mtsikana akakhala pa kompyuta mpaka usiku amafunsidwa kuti akucheza ndi ndani, pamene mnyamata amapatsidwa tiyi. Muuzeni mentor wanu za magetsi pa tsiku loyamba, si chamanyazi. Gwirizanani awiri kapena atatu, wina akhale ndi magetsi wina ndi intaneti. Ku Lilongwe kuli mHub imene Rachel Sibande anayambitsa, ku Mzuzu kuli Mzuzu E-Hub, pitani mukafunse zimene ali nazo. Ndipo wina akayamba kukutumizirani mauthenga opusa kumbali chifukwa waona dzina lachikazi, mabungwe amenewa amakhala ndi malamulo a khalidwe komanso anthu olandira madandaulo. Sungani umboni, nenani, ndipo tiuzeni nafenso.

Mnzathu wa ku Chitala uja akupita kwawo kumapeto kwa mwezi, ndipo gulu la banki mkhonde la azakhali ake lavomera kuti atsikana awiri kapena atatu akakhale nawo pa msonkhano, bola asajambule ndipo afike nthawi yake, chifukwa wochedwa amalipira chindapusa ngakhale ndi mlendo. Amene mukulemba proposal yokhudza ndalama za magulu ndipo muli okonzeka kukhala pansi maola atatu osatsegula laputopu, tipezeni ku inbox. Tengani chitenje ndi kope.